Tinathawira ku Kapise pa nkhondo imene ankati kulibe

Kwathu ndi ku Nkondedzi, m'boma la Moatize, chigawo cha Tete ku Mozambique, kufupi ndi chipata cha Zóbuè. Nkhondo inandithamangitsa koyamba ndili mwana mu 1986, ndipo tinakhala ku Malawi mpaka 1993, Pulezidenti Chissano ndi a Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, atasainirana kale mtendere ku Roma. Kulemba Chichewa ndinaphunzira kumeneko. Inadzandithamangitsanso kumayambiriro kwa 2016, apa ndili ndi banja langa. Za ulendo wachiwiriwu ndi zimene ndikulemba, chifukwa nditamva kumapeto kwa 2024 kuti anthu ayambanso kuwoloka kulowa ku Nsanje ndi ku Chikwawa pothawa ziwawa za chisankho, mtima unandiwawa. Ndinadziwa kuti ambiri anyamuka monga tinanyamukira ife, opanda mapepala, opanda mankhwala, atadikira mpaka moto utafika pakhomo.

Zinayamba ndi chisankho cha pa 15 Okutobala 2014. Analengeza kuti apambana ndi a Filipe Nyusi a Frelimo, a Afonso Dhlakama nakana, nati Renamo ilamulire zigawo 6 zimene ankati anthu ake anaivotera: Tete, Sofala, Manica, Zambézia, Nampula ndi Niassa. M'mudzi mwathu munali ochonga pa nkhwali, chizindikiro cha Renamo, munalinso ochonga pa ng'oma ndi chimanga, chizindikiro cha Frelimo, ena mwa iwo a bere limodzi. Koma wofuna nkhondo sindinamuonepo. Ochonga pa nkhwali ankadandaula za malasha a ku Moatize amene tinkangowaona akudutsa ife osapatapo kanthu, za msewu, za mtengo wa chimanga. Anthu amene anaika m'manda abale awo pa nkhondo ya zaka 16 ija sakanapempha ina. Pamaliro, pachitsime, kutchalitchi, mawu anali amodzi: akuluakuluwo akhale pansi akambirane, ife atisiye tilime.

Chaka cha 2015 chili pakati, usiku kunayamba kubwera amfuti otsika m'mapiri kudzapempha ufa, nyemba, nkhuku. Wonyamula mfuti akapempha sukana. Kukacha kunkabwera amfuti ena a pagalimoto kudzafunsa kuti wapereka ufa ndani. Ukati sunaone munthu, ankati ukubisa. Ukati anabweradi, ankati wodyetsa ndiwe. Asekeletale a mudzi analeka kugona m'nyumba mwawo, amfumu nawonso ankangooneka masana. Pa wailesi ankati ku Tete kuli bata.

Chizindikiro chimene ndikanakonda wina akanandiuza kuti ndichiwerengere ndi cha aphunzitsi. Aphunzitsi athu anali ochokera kutauni, olandira malipiro a boma, ndipo ankamva zinthu ife tisanamve. Lachisanu lina anapita ngati akukatenga ndalama, Lolemba osabwera. Pasanapite nthawi anamwino a pachipatala chathu chaching'ono anaika loko pachitseko. Mukaona ogwira ntchito za boma akuchoka mwakachetechete m'dera lanu, musadikire chilengezo, chifukwa sichibwera. Sabata yomweyo yambani kusamutsa okalamba, odwala ndi ziweto, inu mutsalire ndi khasu.

Mayi a kunyumba anali ndi chitenje cha chipani chimene analandira pa kampeni. Sanali a ndale ayi, chitenje ndi chitenje, ankaberekera mwana wathu wamng'ono. Tsiku lina akuchokera kuchigayo, amfuti anawaimitsa panjira, nawauza kuti atule lichero, atsitse mwana, atambasule chitenjecho pansi kuti aone nkhope imene ilipo. Anaimirira padzuwa mwana ali m'manja, akufunsidwa dzina langa, dzina la amalume awo, kumene timagona. Anafika pakhomo miyendo ikunjenjemera, ufa utatayikira m'njira.

"Bambo, nsalu iyi itiphetsa," anatero.

Usiku womwewo tinachiotcha, pamodzi ndi malaya a chipani chinacho amene ine ndinapatsidwa pamsonkhano wina. M'nyumba zambiri munali zovala za mbali zonse ziwiri, poti wosauka sakana nsalu yaulere. Zinthu zikayamba kununkha, nsalu, zipewa ndi makhadi a chipani zichotseni m'nyumba. Koma khadi lovotera musaliotche. Ena analiponya pamoto ndi mantha, pomwe linali lokhalo lokhala ndi chithunzi chawo, ndipo anadzavutika kwambiri podzizindikiritsa.

Mvula yoyamba itagwa tinali titayamba kale kugona kutchire. Masana kumunda, dzuwa likapendeka tinkatenga mphasa ndi mabulangete kulowera kukhwawa. Moto sitinkasonkha. Mwana akalira, mayi ake ankamutseka pakamwa ndi bere. Udzudzu unatimaliza, wamng'ono uja nadwala malungo, chipatala chili chotseka. Mayi ankafuna tinyamuke. Ine chinkandigwira ndi nkhokwe yodzaza ya chaka chatha, ng'ombe m'khola, ndi chimanga chimene chinali chitangomera. Ndinkati tidikire Khirisimasi ipite, mwina akuluakulu amvana.

"Bambo, chimanga chimalimidwa chaka ndi chaka," anandiuza usiku wina, "koma mwana salimidwa."

Za ng'ombe ndinene mosabisa, chifukwa ndi pamene chuma cha mudzi wathu chinathera. Amene anagulitsa aphunzitsi atangochoka anapeza mtengo wake weniweni. Amene anakusa zina kukaikiza kwa abale kutsidya la malire ali ndi ng'ombe mpaka lero. Ife otsalira, pofika Disembala ogula ankadziwa kuti tili pamoto, ndipo ankatchula zimene akufuna. Ng'ombe yanga imodzi yokoka ngolo inapita pa theka la mtengo wake. Zinazo ndinasiya m'khola, sindinazionenso.

Tsikulo linali la mu Januwale 2016. Tinali kudimba m'mawa pamene mfuti zinayamba kulira kumtunda, kenako utsi. Sitinabwererenso pakhomo. Tinatenga zimene tinkabisa kukhwawa kuja, poto, mphasa, mabulangete, ndi njinga imene ndinakwezapo apongozi anga aakazi, ine ndikukankha. Titakwera chitunda ndinacheuka, ndipo ndinazindikira nkhokwe yanga. Nkhokwe ikamapsa siyaka msanga ngati nyumba, imafuka, ndipo fungo la chimanga chopserera linatitsata mtunda wautali. Mwana wanga wamwamuna anandifunsa ngati tibwererako kukazimitsa. Ndinasowa chomuyankha.

Mapepala onse anali mu sutikesi kunsi kwa bedi. Masedula a ana (mapepala awo a kubadwa), mapepala a sukulu, khadi la kusikelo, kabuku ka kuchipatala ka apongozi kolembedwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, zonse zinapsa. Inapulumuka ndi bilyete yanga yokha, chiphaso chaunzika, poti inali m'thumba la buluku. Mapepala akulungeni m'pulasitiki, agone pamene mukugona inu, osati pamene pali katundu. Ngati muli ndi foni yojambula, ajambuleni limodzilimodzi muwatumize pa WhatsApp kwa m'bale wokhala kutali. Wakumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a magazi, a TB kapena ma ARV, botolo lake ndi kabuku kake zikhale m'thumba lomwelo.

Tinadzera njira za kutchire, osati pachipata, mpaka kufika ku Kapise, m'boma la Mwanza. Kapise ndi mudzi wamba, sunali malo okonzedwera khamu. Pofika mu Marichi tinalipo opitirira 10,000, misasa ya udzu ndi mapepala apulasitiki itathithikana moti mnansi akatsokomola umayesa ali m'nyumba mwako. Zigubu zinkandandalikidwa pamzere wa madzi kusanache. Zimbudzi zinali zochepa, malungo ndi kutsegula m'mimba zili ponseponse. A Médecins Sans Frontières anali ndi chipatala cha matenti, ndipo ndi kumene mwana wathu anachirira. A UNHCR, bungwe loona za othawa kwawo, pamodzi ndi boma la Malawi ankalemba mayina.

Kalembera ameneyu musamuzembe. Ena anachita manyazi kutchedwa othawa kwawo, ena anaopa kuti mayina akafika kwa amfuti, choncho anakabisala kwa abale m'midzi osalembetsa. Chakudya chitayamba kugawidwa, mayina awo munalibe, ndipo abale aja nawo ufa unawathera. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Polembetsa pitani banja lonse, ndi khanda lomwe, ndipo muonetsetse kuti dzina alilemba monga lilili pa bilyete. Mayina athu analembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi, wolemba wa ku Malawi amalemba monga akumvera, ndipo munthu mmodzi amasanduka anthu awiri. Kukonzetsa cholakwa chotere kumatenga nthawi, iwe uli ndi njala.

Pakati pa kulembetsa ndi kulandira thumba loyamba panapita masabata. Tinkadya za ganyu. Chinali chaka choipa, mvula inadula chimanga chili pa ngaiyaye, ndipo mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti m'Malawi muli tsoka la njala. Eni mudzi amene tinkawapempha ganyu nawonso nkhokwe zawo zinali pansi. Tsiku lathunthu lopalira unkalandira mbale ya gaga. Komabe sindidzaiwala kuti anatipatsa malo, mitengo yomangira, ndi manda oikamo akufa athu. Panali kukangana pa nkhuni ndi pamjigo, inde, koma ambiri anatilandira ngati abale, ndipo ndife abaledi: a Phiri, a Banda, a Mbewe ali mbali zonse za malire.

Ndalama za ng'ombe ija ndinazisunga mu metikali, zosokerera m'lamba, kuti ndidzayambire pobwerera. Mu Epulo momwemo zinaululika kuti dziko lathu lili ndi ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni. A IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali nigwa. Kumayambiriro kwa chaka dola imodzi inkagulidwa ndi metikali pafupifupi 45, pofika Okutobala inali itapitirira 75. Ndalama zili m'lamba momwemo, zosakhudzidwa, zinkasungunuka. Mnzanga wina anasintha zake nthawi yomweyo nagula mbuzi n'kuzisungitsa kwa mwini mudzi, zinaswana, ndipo anabwerera nazo. Pa nthawi ya chipwirikiti ndalama ya pepala musaikhulupirire. Isandutseni chakudya, chiweto kapena chida chogwirira ntchito.

Chimene chinatipweteka kuposa njala ndi kumva akuluakulu ena a kwathu akunena kuti ife si othawa nkhondo, tangotsata chakudya chaulere, kwathu kuli mtendere. Ena anafika pamsasa kudzatiuza kuti tibwerere. Gogo wina wa m'mudzi mwathu anadzuka ndi ndodo yake, nafunsa mwaulemu ndithu: "Bwana, ngati kulibe nkhondo, nyumba yanga yapsa ndi mphezi kodi?" Panalibe amene anaseka. Kuchokera tsiku limenelo anthu ambiri, a nkhwali ndi a chimanga omwe, analeka kukhulupirira chilichonse chochokera pa wailesi.

Mwezi wa Epulo womwewo anayamba kutisamutsira ku Luwani, m'boma la Neno, msasa wakale umene unasunga anthu a kwathu pa nkhondo yoyamba ija n'kutsekedwa mu 2007. Ambiri anakana. Ku Kapise kunali kufupi ndi minda, munthu ankatha kuzemba usiku kukathyola chimanga kapena kukumba chinangwa n'kubwerera. Msuweni wanga anapita choncho kukaona munda wake, ndipo mpaka lero sitinamuike m'manda, chifukwa sanapezeke. Zimenezi ndi zomwe zinandikweza basi ya ku Luwani. Kunali kutali ndi kwathu, koma kunali sukulu, chipatala ndi mpata woti munthu n'kupuma. Amene mudzafike pa mphambano yotere, dziwani kuti thumba la chimanga la kumunda wosiyidwa lapha anthu.

Ku Luwani ndi kumene apongozi anatisiya. Mankhwala awo anali atadukiza miyezi, ndipo popanda kabuku madokotala anachita kuyambira pachiyambi kufufuza oyenera. Tinawaika m'dziko la eni, kutali ndi manda a makolo awo, ndipo mayi a kunyumba zimawawawabe. Pepala la imfa tinalitenga chifukwa mkulu wina wa mpingo anatikumbutsa, ndipo linadzatithandiza pa mlandu wa munda.

Mwana wanga wamkazi woyamba anali mu kalasi 6 kwathu, akuphunzira m'Chipwitikizi, wanzeru ndithu. Ku Malawi anapeza Chingerezi, ndipo popanda pepala losonyeza pamene anafika anamubweza m'mbuyo, nakhala pa benchi limodzi ndi tiana. Ankalira pobwera. Anzake angapo a msinkhu wake anakwatiwa pamsasa pompo, makolo pofuna kuchepetsa pakamwa podya. Ife tinalimba mtima, koma pobwerera kwathu zinachitikanso chimodzimodzi: zimene anaphunzira ku Luwani zinalibe umboni, nabwerezanso. Zaka ziwiri za mwana zinapita choncho. Pochoka pa sukulu iliyonse, ngakhale mwana wakhalapo teremu imodzi, pitani kwa ahedi mupemphe kalata yodinda chidindo.

Amene sanathawe nawonso nkhondo inawapeza m'thumba. Mng'ono wanga ankagula mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Angónia n'kukagulitsa ku Beira. Mu 2016 magalimoto pa msewu wa EN7 ankayenda pa kolona yoperekezedwa ndi asilikali pakati pa Changara ndi Vanduzi, ndipo ukaiphonya unkagona pamsewu kudikira ina. Madalaivala anakweza mtengo chifukwa cha mantha, poti magalimoto ena, ngakhale a ku Malawi, anaotchedwa. Mbatata inkafika itayamba kuola. Mpamba wake unatha chaka chimenecho, lero amapalasa kabaza. Mumzinda wa Tete sopo, mafuta ophikira ndi shuga zinakwera mwezi ndi mwezi, ndipo chaka chinatha mitengo ya zinthu m'dziko itakwera ndi pafupifupi 25 pa 100 paliponse.

Kumapeto kwa Disembala 2016, atalankhulana pa foni ndi a Nyusi, a Dhlakama analengeza kuti mfuti zileke kulira. Poyamba inali sabata imodzi, kenako anaonjezera, mpaka mu Meyi 2017 anati palibenso malire. Tinasangalala, koma tinakwiyanso. Ngati foni imodzi inali yokwanira, nyumba zathu zinapseranji?

Ndinapita ndekha kaye kukaona, banja ndikulisiya. Chitani choncho nanunso, ndipo musafufutitse dzina pamsasa musanaone ndi maso anu. Pakhomo ndinapeza zipupa zakuda, udzu utamera m'chipinda, zitseko ndi malata a khitchini atazula. Ngolo kunalibe. Choopsa chinali kumunda: ndinapeza wina atagalauza mizere, munthu womudziwa, wa mudzi woyandikana nawo, amene anabwerera msanga. Anati munda unali wogonera, ndipo iye wathirapo thukuta.

Ine ndine mkamwini, munda ndi wa kuchikazi. Pabwalo la amfumu mawu anga okha sakanalemera. Mwini mbumba, amalume awo a mayi a kunyumba, anali atathawira kwa mwana wawo ku Ulóngwè, ndipo ndinachita kukawatenga pa ndalama zanga, minibasi yopita ndi yobwera, kuphatikizapo chakudya cha mboni ndi nkhuku ya pabwalo. Mlandu unaimitsidwa kangapo, dzinja lathunthu linapita tikulima kachigawo kobwereka. Tsiku lomaliza amalume anayenda ndi amfumu m'malire, akuloza mango amene anabzala apongozi, chulu, ndi mzere wa nkhadze.

"Gogo chalo, mitengo iyi anabzala ndi mlongo wanga, amene wagona ku Luwani. Pepala lake ili," anatero.

Munda unabwerera, titalola kuti mnzathuyo akolole kaye zimene anabzala. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamulo la malo la 1997 limavomereza munda umene banja linaupeza mwa mwambo, ngakhale mulibe pepala la boma la malo lotchedwa DUAT, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi ndi wovomerezeka. Koma mboni zimafa, zina zimabalalika. Musanachoke, kapena mukangomva kuti njira yatseguka, kaonekereni kwa amfumu ndi akulu awiri atatu, munene kuti munda wakutiwakuti mwini wake alipo. Mitengo ya m'malire musadule.

Kupezanso masedula a ana kunandidyera mbuzi. Ulendo wa ku Moatize ndi wa ndalama, ukafika amati bwerani ndi mboni, ukabwera ndi mboni amati wosaina kulibe. Nyamukani ndi mboni zokhala ndi bilyete pa ulendo woyamba womwe, ndi ndalama yogonera, ndipo mukamva kuti olembetsa ana akuyendera m'midzi, siyani khasu muthamangireko.

Mudzi umene tinabwereramo si umene tinausiya. Anthu amakumbukira amene analoza nyumba ya mnzake, kapena amene akumuganizira kuti analoza, ndipo zina mwa zoganizirazo n'zabodza. Othawafe ankatinena kuti ndife a nkhwali, otsala tinkawanena kuti anagulitsa anzawo. Pali mabanja a pachibale amene amakumana pamaliro pokha, kukumba manda limodzi, koma osadyera mbale imodzi. Pamowa nkhani za ndale zinatha, mlendo akafunsa za chisankho anthu amayang'ana pansi. A Dhlakama atamwalira pa 3 Meyi 2018, usiku umenewo mabanja ena anagonanso kukhwawa, katundu atamanga. Pa 6 Ogasiti 2019 a Nyusi ndi a Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwa a Dhlakama, anasainirana mtendere ku Maputo, ndipo msasa womaliza wa asilikali a Renamo, ku Gorongosa, unatsekedwa mu Juni 2023. Omenya nkhondo anakambirana za mfuti zawo ndi za penshoni zawo. Za nkhokwe zathu, ng'ombe zathu ndi msuweni wanga, pakhomo panga sipanafike munthu kudzafunsa.

Sukulu inatsegulidwanso, aphunzitsi anabwera ena atsopano. Mwana wanga wamkazi anamaliza pulayimale ali wamkulu kuposa anzake onse m'kalasi, ndipo sekondale anakayambira kwa azakhali ake ku Zóbuè. Nyumba ndinamanganso ya njerwa zosaotcha. Ngongole ya mbewu ndi feteleza ya chaka chobwerera ndinaimaliza patapita zokolola zingapo. Ng'ombe sindinabwezeretse, ndimalima ndi khasu, ndipo potuta chimanga ngolo ndimachita kubwereka, kulipira thumba limodzi pa matumba khumi alionse.